Ukavula Jombo Udzatani?

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Bedi langa lili pafupi ndi zenera m'wodi ya amuna, ndipo ndaliyalanso ndekha, chifukwa mmene analiyalira sindikanagonapo ndi mtendere. Mwana wanga wamkazi wandigulira kope ili kuti ndisamavutitse anthu ndi nkhani. Akudziwa kuti adokotala andiletsa kuyankhula kwambiri, akudziwanso kuti bambo ake kukhala chete sanakuphunzire.

Vuto ndi pakhosi. Mawu anayamba kusasa chaka chatha, ine n'kumati ndi chimfine. Lero adokotala a pakhosi, mayi wamfupi wosataya mawu, alowetsa kachubu kokhala ndi nyali kudzera m'mphuno n'kupeza chotupa pakholingo. Mawa atapako kanyama kuti akakayeze. Magazi akuthamanga bwino, shuga ali bwino, sikelo yokha ndiyo ikuti ndatsika. Mantha ndilibe. Ndinagonapo m'malo oipa kuposa ano, ndipo kumeneko kunalibe wobwera ndi tiyi.

Lachiwiri, 4 Juni

Atapa kanyamako. Anandigonetsa tulo pang'ono, podzuka pakhosi pakuwotcha. Mapiritsi opha ululu katatu pa tsiku, chakudya chofewa chokha.

Anzanga ndawadziwa. Kumanzere kuli atelala, bambo wowonda wa magalasi, amene chilonda cha shuga paphazi chikukana kupola. Kumanja kuli adalaivala a basi, mwendo wonse uli m'chikhakha, wopachikidwa pa chingwe. Moyang'anana nafe muli akalipentala. Iwo sowo inawalawa dzanja, bala n'kuchita mafinya. Sindinawauze ntchito yanga yakale, koma ataona mmene ndafoletsera masilipasi pansi pa bedi, adalaivala anangoti, "Apa tagona ndi boma." Tsopano wodi yonse ikunditchula kuti a Sajeni, ndipo sanaphonye.

Lachinayi, 6 Juni

M'mawa pometa ndevu ndinadzipeza ndikung'ung'udza. Atelala anatsitsa magalasi.

"Nyimbo yanji imeneyo, a Sajeni? Ya kutchalitchi si imeneyo."

Ndinawafotokozera monong'ona, asisita oyang'anira wodi asanandigwire. Kunkhondo gulu lathu linali ndi nyimbo yake yogubira. Sinali yotama mfuti kapena mbendera ayi. Zoterozo tinkaimba akuluakulu akabwera kudzatiyendera. Yathuyi inali yofunsana. Ine ndinkaitana munthu ndi dzina lomwe tinamupatsa: "Ukavula jombo, Singano, udzatani?" Iye n'kuyankha ndime yake: "Ndidzasoka malaya a ana pakhonde la sitolo." Kenako onse pamodzi, "Jombo pansi, jombo pansi." Ndikafunsa Giya, ankati, "Ndidzayendetsa basi, ndiziima pamene ndafuna." Tambala ankati, "Ndidzaweta nkhuku, lipenga lisadzandidzutsenso." Wina ankangofuna kudya atakhala pampando. Wina ankafuna kuchapa malaya oyera n'kukhala ndi nthawi yodikira kuti aume. Pomaliza onse ankanditembenukira, "Nanga iwe wofunsa?" ndipo ine ndinkatseka ndi ndime yanga.

Malamulo anali awiri. Munthu akagwa, ndime yake inkasenzedwa ndi amene ankaguba kumbuyo kwake, chifukwa ndime siigwa pansi. Lachiwiri, wosavalapo jombo nyimboyi saimba.

Singano anagwa pamlatho asanakhudzeko makina osokera. Ena anabwerako, n'kumatha mmodzimmodzi monga amathera anthu. Giya anatsala ndi ine mpaka chaka chatha. Pochokera kumaliro ake ndinazindikira kuti ndime zonse zili pamsana panga, ndipo wofunsanso ndine ndemwe.

Atelala anaseka mpaka kutsokomola.

"Munthu n'kumalakalaka utelala? Akanabwera kudzandifunsa. Msana unapindika, maso anatha, ndipo kasitomala aliyense amanenepa akachoka kokayezetsa, mlandu n'kukhala wanga."

Ndinaseka nawo, koma mumtima zinandikhudza. Singano zimenezi akanazilandira ndi manja awiri.

Lolemba, 10 Juni

Zotsatira zabwera. Ndi khansa. Ekisire ya pachifuwa ili bwino, akuti sinafalikire. Opaleshoni ndi Lachiwiri la sabata ya mawa.

Adokotala anakhala m'mphepete mwa bedi n'kujambula kholingo pakapepala. Ndinawafunsa chimodzi chokha, za kuimba.

"Tikachotsa mbali imodzi, mawu adzatsala, koma osasa," anatero. "Tikachotsa lonse, muzidzapumira pabowo la pakhosi apa, ndipo mawu amene muli nawowa sadzabwereranso. Tidzadziwa titatsegula."

Ndimawakonda mayi amenewa chifukwa sazungulira. Ndinawauza kuti achotsa mbali imodzi, ndikudziwa ndine.

Imfa sikundidetsa nkhawa, ndipo adokotala sanaitchule n'komwe. Chimene chikundivuta ndi ndime zija. Mawu akapita, anthu anga onse akhala chete tsiku limodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Mwana wanga wabwera ndi supu ndi nthochi zakupsa. Ndi mlonda pageti la nyumba yosungiramo katundu, ndipo amabwera kuno molunjika akangoweruka, yunifomu ili m'thupi. Ndinamuuza za nyimbo.

"Bambo, si nkhani imeneyo. Imbani, ndijambule pa foni."

Ndinaimba. Ataliza foniyo ndinamva chitseko cha dzimbiri chikudzifunsa chokha n'kumadziyankha. Ndinamuuza afufute. Foni imasunga, koma siyankha. Ngakhale mawu amene ndalemba m'kope muno si nyimbo. Nyimbo imeneyi imafuna pakamwa pa anthu angapo ndi mapazi.

"Ndiye mutani?" anafunsa.

Ndinati ndiona. Anandiyang'ana ngati pali china chofuna kunena, kenako anangosenda nthochi.

Lachitatu, 12 Juni

Ndaganiza. Malamulo awiri aja ayamba kulimbana, ndipo limodzi liyenera kugonja. Ndikasunga la jombo, ndime zigwa pansi. Ndine sajeni wotsala ndekha, palibe wondiimba mlandu, choncho ndalamula kuti lamulo la jombo lipume.

Asisita atatuluka ndinaitanitsa perete. Atelala, adalaivala, akalipentala: mmodzi wopanda phazi labwino, wina wopachikidwa, wina dzanja lili m'bandeji. Ndinalandirapo asilikali atsopano oipa kuposa awa.

Ndinkaganiza kuti kugawa n'kosavuta, ndime ya Singano kwa atelala, ya Giya kwa adalaivala. Atelala anakana kwamtuwagalu.

"Ine moyo wonse ndakhala pampando umodzi, kuyang'ana khoma limodzi. Ndipatseni ya basi ija, ndiyendeko ngakhale m'nyimbo."

"Tengani, achimwene, ndi mabuleki ake omwe," anatero adalaivala. "Mukuti kuima pamene wafuna? Amakuimitsa ndi apolisi ndi okwera. Ine ndipatseni ya pakhonde ija, ndikhale pamthunzi, msewu uzindidutsa wokha."

Choncho asinthana. Akalipentala atenga ya nkhuku popanda makani, akuti akazi awo akhala akuwauza zomwezo. Ndime zotsalazo ndawagawiranso, aliyense wasenza ziwiri. Ndawauzanso za mwini ndime aliyense, kutalika kwake, chimene ankaopa, mmene ankasekera. Munthu sasenza katundu wosadziwa mwini wake.

Atenga magazi oyeza gulu lake, kuti asunge ena a tsiku la opaleshoni. Mawu lero atha msanga.

Lachisanu, 14 Juni

Tachita manyazi. Dzulo ndi lero m'mawa ndinawaphunzitsa mawu ndi kayimbidwe, ine ndikufunsa monong'ona. Masana ano anaiyesa mokweza. Koma anthu ogona chagada, amene sanagubepo, amaimba mokoka. Nyimbo yathu yothamangitsa magazi inasanduka ya pamaliro. Akalipentala anaikamo ndi besi.

Asisita analowa akuthamanga, namwino wina ali pambuyo ndi makatani otchingira bedi.

"Ndi ndani? Bedi liti?"

Titawauza kuti tonse tili moyo, anagwira m'chiuno.

"A Sajeni, ine ndinamva kuti inu mwaletsedwa kuyankhula. Sindinamve kuti mwatsegula kwaya. M'wodi ya pafupiyi amayi ena ayamba kale kulira."

Ndinapepesa mwaulemu wonse. Kenako ndinawapempha chinthu chimodzi. Odwala amauzidwa kuti aziyendako masana kuti magazi asaundane. Bwanji aziyenda mwadongosolo? Iwo anati, "Alendo akapita. Ndipo inu pakamwa muzitsegula pang'ono."

Loweruka, 15 Juni

Zatheka. Nyimboyi imayambira phazi lamanzere, ndipo liwiro lake lili m'mapazi, osati pakhosi. Akalipentala akuguba pakati pa mabedi akukoka chitsulo cha diripi. Atelala akuguba atakhala, chidendene cha phazi labwino chikugunda pansi. Adalaivala akumenya chikhakha ndi supuni. Ndime ya Singano yatuluka m'kamwa mwa dalaivala wonenepa, ndipo yatuluka bwino, moti ndinayang'ana pazenera kwa kanthawi.

Odwala a kumapeto kwa wodi alowerera pa "jombo pansi". Mkulu wina amene sanayankhule chilowereni wafunsa ngati ilipo ndime yotsala.

Lamulungu, 16 Juni

Alendo ambiri. Akazi a adalaivala abwera ndi mpunga ndi nkhuku, fungo lokha kundizunza, ine ndili pa phala. Madzulo atelala anasendeza mpando kufupi ndi bedi langa.

"A Sajeni, mayankho mwatipatsa. Nanga funso? Bwanji mundiphunzitse, mwina mwake."

Funsolo si lophweka monga limamvekera. Munthu aliyense ali ndi kaitanidwe kake. La Singano limakwera, la Giya limagwa, la Tambala limachedwa dala kuti phazi lipite patsogolo. Ukaphonya, woyankha amasowa polowera. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Funsolo ndi langa. Ndime ndagawa za anzanga, ili ndi ntchito yanga, ndipo sindinapume.

"Mwina mwake wa chiyani?" ndinatero. "Lachisanu ndikhala ndikukufunsani ndekha. Inu konzani mayankho."

Atelala anapukuta magalasi.

Lolemba, 17 Juni

Ndasayina. Wogonetsa tulo wabwera kudzandiyeza mano ndi khosi. Kuyambira madzulo osadya, osamwa. Andimeta pakhosi mpaka pachifuwa.

Taimba komaliza opaleshoni isanachitike, ndipo ndatseka ndi ndime yanga, yomwe anali asanaimvepo: "Ndidzakhala chete pakhomo panga, wina azikuwa." Ndinaipeka ndili mnyamata, nditatopa ndi kukalipira anthu tsiku lonse. Adalaivala anati, "Imeneyo musaimbe pafupi ndi adokotala, angakumvereni." Taseka tonse.

Mwana wanga wakhala mpaka belu la alendo. Ndamuuza kuti asajombe kuntchito mawa. Wati ndisamulamule, iye si msilikali wanga.

Lachisanu, 21 Juni

Achotsa lonse.

Loweruka, 22 Juni

Andibweza ku wodi kuchoka kuchipinda cha odwala kwambiri. Ndikupumira pabowo la pakhosi. Chakudya chamadzi chikudzera m'chubu cha m'mphuno. Timachubu tiwiri m'khosi tikutulutsa magazi otsalira. Namwino akupopa makhololo pabowo ndi makina, zowawa koma zachangu. Jakisoni wopha ululu, wina woteteza mafinya.

Adokotala akuti chotupa chinali chitadutsa mbali inayo. Achichotsa chonse, m'mphepete mwayera. Akuti ndikhala ndi moyo. Ndawalembera pa sileti imene andipatsa kuti zikomo, ndipo ndi zikomo weniweni.

Lolemba, 24 Juni

Achotsa kachubu kamodzi. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera.

Ndinayesa kuitana namwino. Pakamwa panatseguka, mpweya n'kutulukira pakhosi, osamveka kanthu. Ndinadziwa kale, koma kudziwa ndi kwina. Ndalira pang'ono, ndipo kulira kwakenso n'kopanda mawu.

Ndalembera adalaivala pa sileti kuti adokotala aja anamvadi ndime yanga. Anaseka, kenako anatembenukira kukhoma.

Lachitatu, 26 Juni

Mphamvu zikubwerera. Andiphunzitsa kutsuka bowo ndekha pagalasi ndi kuliphimba ndi kansalu konyowa kuti fumbi lisalowe. Mayi wophunzitsa kuyankhula wabwera. Akuti bala likapola pali njira zotulutsira mawu, ndi mpweya wa kummero kapena ndi kachipangizo kogunditsa pakhosi. Ndidzayankhula, akutero, ndipo ndikuwakhulupirira. Ndinalemba kuti, "Kuimba?" Anapukusa mutu.

Alendo atapita anzanga anafuna kundisangalatsa. Akalipentala anaimirira, adalaivala anatenga supuni. Kenako onse anandiyang'ana. Mayankho ali nawo, wofunsa palibe.

Atelala anayesa. Funso la Singano analigwetsa m'malo molikweza, adalaivala analowa mochedwa, akalipentala anasokoneza phazi. Anayesanso, zinaipiratu. Ine ndinkamenya bedi, kuloza m'mwamba, kuloza pansi, kulemba mivi pa sileti. Kayimbidwe sikalembeka ndi choko. Pomaliza supuni inaikidwa pansi, aliyense n'kubwerera m'bulangete lake.

Atelala sananene kuti ndinakuuzani. Ndi munthu wabwino.

Lachinayi, 27 Juni

Achotsa kachubu kachiwiri ndi ulusi wina. Kutentha thupi kulibe.

Chilonda cha atelala chapola, akutuluka Loweruka. Akalipentala akutuluka Lolemba. Adalaivala awasamutsira ku wodi ya mafupa chikhakha chikachoka. Aliyense apita ndi ndime zake kwawo, ndipo popanda wowafunsa zidzakhala m'kamwa mwawo mpaka kuiwalika. Lero ndili ndi mantha, ndalemba kuti ndisadzakane.

Komabe sindinagonje. Ndayesa kuimba funso ndi mluzu, ndapeza kuti mluzunso umafuna mpweya wa pakamwa. Ndayesa kuligogoda pa kapu ndi pa botolo, likumveka ngati wogulitsa zakumwa. Mawa ndiyesa china.

Lachisanu, 28 Juni

Ndilemba zonse.

Mwana wanga anabwera mochedwa, belu la alendo litatsala pang'ono. Anapeza sileti yodzaza mivi, atelala ali pambali panga thukuta lili kamukamu.

"Kodi mukulimbana ndi chiyani?"

Atelala anamufotokozera. Iye anaika chikwama pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo, funso limenelo ndi lomwe lakusowetsani mtendere masiku onsewa?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ine ndakula nalo. Munkaimba posamba, pokonza njinga, pondiperekeza kusukulu. Munkati ana saimba, ndiye ndinkaimbira mumtima. Panopa ndimaimba pageti ndikamazungulira mpanda, apo ayi miyendo imafa. Tsiku lija la foni ndinafuna kukuuzani, koma ndinaona kuti simunakonzeke kumva."

Ndinalemba pa sileti mawu amodzi, "Lamulo." Sindikudziwa chifukwa chake ndinalemba, poti lamulolo ndinalipumitsa ndekha. Mwina dzanja linazolowera.

Anakweza phazi n'kuliika pachitsulo cha bedi langa. Jombo yakuda, yopolishidwa bwino, chidendene chodyeka mbali imodzi.

"Izi ndi masilipasi?"

Adalaivala anaseka mpaka chingwe cha mwendo kugwedera. Ine ndinafufuta sileti ndi chikhatho.

Belu linalira. Asisita anabwera kudzatulutsa alendo, anaona mmene taimira, n'kutseka chitseko iwo ali m'kati. Mwana wanga anaima pakati pa wodi. Anayamba ndi phazi lamanzere popanda womuuza. Ndinatsika pabedi, chubu chili lendelende pamphuno, n'kuima kumbuyo kwa akalipentala.

"Ukavula jombo, Singano, udzatani?"

Linakwera pamene limayenera kukwera. Adalaivala analowa ngati akhala akuyembekeza moyo wawo wonse. La Giya linagwa, atelala n'kuyendetsa basi yawo. La Tambala analichedwetsa ndendende, ndi kamwano komwe ndinkaikamo ine, moti ndinachita manyazi kudzimva ndekha m'kamwa mwa mwana. Anawaitana onse, mmodzimmodzi, osadumpha ndi mmodzi yemwe, ndipo onse anayankha. Wodi yonse inali pa "jombo pansi", ndi asisita omwe. Ine ndinkaguba. Mapazi anga alibe khansa.

Kenako tinafika pomaliza, pamene ndinali ndisanapaganizire. Amuna atatu aja anamutembenukira.

"Nanga iwe wofunsa?"

Ndinadikira ndime yanga ija. Ankaidziwa, sakanalephera. Mapazi anagunda kawiri opanda mawu, iye akundiyang'ana. Kenako anaimba, m'kayimbidwe komweko:

"Ndikavula jombo ndidzatenga bambo anga, tizipita kwathu."

"Jombo pansi" ya pamenepo inatuluka yosalongosoka, chifukwa akalipentala besi inawathawa. Ine ndinakhala pabedi la munthu wina osapempha.

Ndime imeneyi kunkhondo kunalibe. Chiyambire kusenza ndime za anzanga, aka n'koyamba kuti nyimboyi ilandire yatsopano, ndipo mwini wake ali moyo, amadzuka m'mawa kupita kuntchito.

Loweruka, 29 Juni

Atelala atuluka. Asiya malongosoledwe a kumene kuli shopu yawo, akuti mwana wanga azidzera kumeneko Loweruka lililonse adzawafunse, ndipo akalipentala ndi adalaivala alonjeza kuti azikapezeka. Ine akuti ndizikakhala pampando wa makasitomala n'kumayang'anira mapazi.

Adokotala akuti Lolemba andimwetsa madzi a mankhwala pa ekisire kuti aone ngati mmero sukudontha. Ukakhala bwino, chubu cha m'mphuno chichoka, ndiyamba kumeza. Ndalemba kuti sukudontha, ndikudziwa ndine. Iwo akweza nsidze, ine n'kuwonjezera pansi pake kuti, "Koma yezani."

Mwana wanga wabwera masana. Ndamulembera kuti funso la Giya akuligwetsa msanga pang'ono. Wawerenga, wandilanda choko, n'kulemba pansi pake kuti wofunsa tsopano ndi iye. Kenako wavula jombo, wakhala pampando, n'kutsamiritsa mapazi pabedi langa. Wagona pomwepo, ndipo belu la alendo litalira ndawakodola asisita kuti amusiye.